AOSept Plus: amatsuka malenzi bwino, koma safuna munthu waphuma

Mwa mankhwala otsukira ma contact lens (timalenzi tovala pa diso penipeni m'malo mwa magalasi) amene munthu angagule popanda kalata ya dokotala, AOSept Plus a kampani ya Alcon ndi amene tingawaike patsogolo pa nkhani yopha tizilombo. Ndi omwewonso amene amaliritsa anthu ambiri sabata yoyamba, chifukwa botolo lake limafanana ndi mabotolo ena onse a malenzi, chonsecho zimene zili m'katimo siziyenera kugwera m'diso ngakhale dontho limodzi. Ku South Africa, ku Britain ndi m'mayiko ena a ku Ulaya amagulitsidwa ndi dzina limeneli, pamene ku America ndi ku Canada amawatcha Clear Care. Ndi a anthu ovala malenzi obwereza, aja a milungu iwiri kapena a mwezi. Ngati mumavala otaya tsiku lomwelo, simukusowa mankhwala otsukira a mtundu uliwonse.

M'bokosi mumapezeka zinthu ziwiri: botolo, lomwe lalikulu lake ndi la 360 ml, ndi kachikho kake kapadera. Mankhwalawo ndi hydrogen peroxide wa 3 peresenti wosakaniza ndi timichere komanso zina zochotsa mafuta pa lenzi. Ku chivundikiro cha kachikhoko kwalumikizidwa kandodo kokhala ndi timadengu tiwiri, kena ka lenzi ya kumanzere kena ka ya kumanja, ndipo kunsi kwa kandodoko kuli kadisiki kotuwa kokutidwa ndi chitsulo chotchedwa platinum. Kadisiki kameneka ndiye mwini ntchito. Peroxide akakhudza platinum amasweka n'kusanduka madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo thovu limene limakwera m'kachikhomo ndi mpweyawo ukutuluka. Pakatha maola 6 chotsala ndi madzi a mchere pang'ono, oyandikana ndi misozi, opanda mankhwala osungira alionse (aja oteteza kuti za m'botolo zisaonongeke). Pamenepo mutha kutenga lenzi n'kuika m'diso. Maola 6 asanakwane, ayi.

Wina angafunse kuti chintchito chonsechi n'chachiyani pomwe pali mankhwala ena ongothira m'kesi yosungiramo malenzi n'kugona. Yankho lili pa cornea, kachikopa koonekera kutsogolo kwa diso kamene lenzi imakhalapo. Cornea ilibe mitsempha ya magazi. Mpweya imautenga kunja kudzera m'misozi, ndipo misozi yomweyo ndi imene imakokolola tizilombo nthawi iliyonse munthu akaphethira. Lenzi imachepetsa zonse ziwirizi. Ikakanda pang'ono pamwamba pa cornea povala kapena povula, tizilombo tomwe tinali pa lenziyo tapeza khomo, ndipo lenzi imatigwirira pomwepo tsiku lonse. Chilonda chimene chimatsatira madokotala amachitcha microbial keratitis. Mwa anthu 10,000 ovala malenzi ofewa masana okha, 2 mpaka 4 amadwala chonchi pa chaka. Mwa amene amagona nawo, ndi pafupifupi 20. Chiwerengerocho chikuoneka chochepa, koma chilonda cha pakati pa cornea chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo palibe magalasi amene amachotsa chipsera.

Tizilombo tovuta kwambiri tilipo mitundu itatu. Pseudomonas aeruginosa ndi bakiteriya wokonda malo onyowa, m'masinki ndi m'makesi osauma, ndipo ndi waliwiro: diso limene linangofiira dzulo madzulo likhoza kukhala ndi chilonda chachikulu cha mafinya mawa, ndipo kupanda chithandizo cornea imatha kubooka m'masiku ochepa. Fusarium ndi fangasi wa m'nthaka ndi m'zomera, woyenda pang'onopang'ono koma wovuta kuchotsa akalowa m'kati. Wachitatu, Acanthamoeba, ndi kachilombo ka selo imodzi kokhala m'madzi ndi m'dothi. Zinthu zikakaipira kamadzitsekera m'chigoba cholimba n'kudikira, ndipo chigobacho sichimva klorini wa m'madzi a kumpopi. Matenda ake amapweteka kuposa mmene disolo likuonekera, nthawi zambiri amasokonezedwa ndi matenda ena poyamba, ndipo chithandizo chake ndi madontho a polyhexanide kapena chlorhexidine othira ola lililonse usana ndi usiku m'masiku oyamba, kenako n'kupitiriza kwa miyezi.

Mankhwala otsukira nawonso analakwitsapo anthu, ndipo n'zolembedwa. Mu 2006, atayamba kuoneka ku Singapore ndi ku Hong Kong, matenda a Fusarium anabuka pakati pa ogwiritsa ntchito ReNu with MoistureLoc a Bausch & Lomb. Ku America bungwe loona za matenda la CDC linatsimikiza odwala 164, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anafunika opaleshoni yoikidwa cornea ina. Kampaniyo inawachotsa pa msika padziko lonse mu May chaka chomwecho. Ofufuza anapeza kuti mankhwalawo akauma m'mbali mwa kesi, kapena munthu akamangowonjezera atsopano pa akale, mphamvu yake yopha fangasi inkatha. Mu May 2007 Complete MoisturePlus a Advanced Medical Optics anachotsedwanso chifukwa cha Acanthamoeba. Awiri onsewa anali a mtundu wa botolo limodzi lochita zonse, otsukira, otsukuluzira ndi osungira pamodzi. Mankhwala otere ali ndi vuto lobadwa nalo: ayenera kupha tizilombo, komanso ayenera kukhala ofatsa moti angalowe m'diso limodzi ndi lenzi. Mankhwala a mtunduwu monga Opti-Free, Biotrue ndi ReNu a masiku ano ndi abwino ndithu ngati munthu akutikita lenzi ndi kusintha mankhwala usiku uliwonse, koma malire amenewa akadali nawo.

AOSept Plus alibe malire amenewo, chifukwa nthawi imene akupha tizilombo sakhala pafupi ndi diso. Peroxide amawononga mabakiteriya ndi fangasi mwamphamvu, amalowa mpaka m'kati mwa lenzi yofewa, ndipo thovu lija limathandiza kusunsula mapuloteni a m'misozi amene amamatirira. Phindu lachiwiri amalimva ndi anthu amene maso awo amafiira kapena kuyabwa madzulo alionse. Malenzi ofewa amayamwa mankhwala osungira a m'mabotolo ena, monga polyquaternium ndi PHMB, n'kumawatulutsira m'diso masana. Kwa anthu ena zimenezi sizivuta, kwa ena ndiye gwero la kuuma ndi kuthetheka kwa maso. Apa mulibe chotsalira chotero. Phindu lachitatu, lomwe ife timaliona lalikulu, n'lakuti kapangidwe kake kamamukakamiza munthu kuchita zoyenera. Bokosi lililonse limabwera ndi kachikho katsopano, ndipo madzi a dzulo sangakunamizeni kuti akadali mankhwala, poti sachitanso thovu.

Kagwiritsidwe ntchito kake kali motere. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo pukutani mpaka muume ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi kapena pepala lopukutira. Kupukutaku musakupeputse, chifukwa madzi otsalira pa zala ndi a kumpopi omwe aja. Vulani lenzi ya kumanja, iikeni m'kadengu kake n'kutseka mosamala kuti m'mphepete mwa lenzi musapanidwe, pakuti kachitseko ka dengu kakaluma lenzi kamaing'amba. Teroninso ndi ya kumanzere. Tsirani mankhwalawo pa timadenguto kwa masekondi 5, pamwamba pa sinki osati pamwamba pa kachikho. Kenako dzazani kachikho mpaka pa mzere wolembedwa, osapitirira ndiponso osaperewera. Mukaperewera, mbali ya lenzi imakhala kunja osatsukidwa. Mukapitirira, thovu limasefukira, ndiponso kadisiki kamakhala ndi peroxide wochuluka kuposa amene kangathe kumuswa pa nthawi yake. Lowetsani kandodo, tsekani, ndipo imikani kachikhoko chilili pamalo osapendekeka. Musakhutchumule. Yang'anani ngati thovu layamba. Likapanda kuoneka, kadisiki kafa kapena mwathira zina, ndipo malenziwo musawavale m'mawa.

Anthu amene amadzola zodzikongoletsera m'maso kapena amene malenzi awo amachita mafuta msanga achita bwino kutikita lenzi iliyonse pachikhatho ndi saline (madzi a mchere opanda tizilombo) wa m'botolo wa ku famase asanaiike m'kadengu. Thovu lokha silichotsa zonse. M'mawa, maola 6 atakwana, sambaninso m'manja, tulutsani malenzi n'kuvala. Ngati mukufuna kutsukuluza musanavale, tsukuluzani ndi saline yemweyo. Dzanja likatenga botolo la AOSept pa nthawi imeneyi, ngozi ija yachitika.

Ngoziyi ndi yodziwika moti bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linachenjezapo za iyo. Kukamwa kwa botolo n'kofiira dala, kuti munthu aone n'kuima, koma wodzuka mamawa ali ndi tulo, wosavala magalasi, saona kufiirako. Njira zimene peroxide amafikira m'diso ndi zomwezomwezo: kutsukuluza lenzi musanavale, kuvula malenzi pakati pa usiku n'kuwafuna 5 koloko m'mawa, kuthira mankhwalawa m'kesi wamba ya zipinda ziwiri yomwe ilibe kadisiki, kapena mlendo kubwereka botolo poganiza kuti ndi otsukira wamba. Mu kesi wamba peroxide amakhalabe peroxide ngakhale mutadikira masiku awiri. Akalowa m'diso amawotcha koopsa, chikope chimatsekeka chokha, ndipo misozi imangoti chuchuchu. Chotsani lenziyo nthawi yomweyo, kenako tsukani disolo kwa mphindi zingapo ndi saline wambiri, kapena ndi madzi oyera ngati saline palibe. Apa pokha madzi ndi ololedwa, chifukwa lenzi yachoka ndipo chofunika ndi kuchotsa mankhwalawo. Tsiku limenelo valani magalasi. Kawirikawiri diso limachira lokha, koma ululu ukapitirira kapena mukamaona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala. Botolo lisungeni kutali ndi saline ndi madontho a m'maso, ndiponso kumene ana sangafikire.

Pali chinanso choti tichenjeze. Peroxide wa m'kabotolo wotsukira mabala, ngakhale atalembedwa 3 peresenti, sangalowe m'malo mwa uyu. Ali ndi zinthu zina zomusunga zomwe sizinapangidwire diso, ndipo alibe michere ija imene imachititsa kuti madzi otsalawo asawawe.

Zofooka za AOSept Plus zilipo, ndipo zina zimapweteka m'thumba. Kachikho kamamwa pafupifupi 10 ml usiku uliwonse, kuphatikizapo otsukuluzira aja, choncho botolo la 360 ml limatha pa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo palibe njira yabwino yolitalikitsira. Kadisiki kamakalamba. Kakatopa kamasiya peroxide wotsalira, ndipo chizindikiro chake ndi kuluma m'maso povala ngakhale maola 6 anakwana. N'chifukwa chake kachikho kakale kayenera kutayidwa tsiku limene mwatsegula bokosi latsopano, ngakhale kakuoneka kabwinobwino. Kuzizira nakonso kumachedwetsa ntchito ya kadisiki: kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15, maola 6 akhoza kukhala osakwanira. Amene ali ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July asaike kachikho pawindo kapena m'bafa lozizira, ndipo awonjezere nthawi. Paulendo ndiye pamavuta kwambiri. Chivundikiro chili ndi kabowo kotulutsira mpweya, ndiye kachikho kakagona m'chikwama kamadontha, malenzi n'kuuma. Amene akukwera basi ya usiku wonse sangadalire mankhwala awa m'njira.

Chofooka chachikulu ndi chimene otsatsa malonda sachikweza. Popeza kadisiki kamayamba kuswa peroxide pa mphindi yoyamba, mphamvu yonse ya 3 peresenti imakhalapo kanthawi kochepa chabe. Kwa mabakiteriya ndi fangasi n'kokwanira. Kwa zigoba za Acanthamoeba sikuti nthawi zonse n'kokwanira, ndipo muyezo wa ISO 14729 umene mankhwala a malenzi amayesedwa nawo umayang'ana mabakiteriya atatu ndi mafangasi awiri, Acanthamoeba mulibe. Komanso peroxide akatha, madzi otsalawo alibe chowateteza. Mukatsegula kachikho n'kusiya malenzi momwemo kwa masiku, tizilombo timaswana popanda chotiletsa. Kapepala ka m'bokosi kamanena masiku amene malenzi angakhale m'kachikho kosatsegulidwa. Akapitirira, kapena ngati munatsegulapo, yambani ntchito yonse mwatsopano ndi mankhwala atsopano usiku woti mawa muvala.

Zimenezi zikutifikitsa pa madzi, nkhani imene kuno kwathu ndi yolemera kuposa mtundu wa botolo limene mwagula. Acanthamoeba amachuluka m'madzi osungidwa. Ku Britain, kumene matendawa amaoneka kawirikawiri kuposa mayiko ambiri, ofufuza analoza ku matanki a madzi a m'denga la nyumba, ndipo chipatala cha maso cha Moorfields ku London chinanena mu 2018 kuti odwala awonjezeka pafupifupi katatu kuyambira 2011. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre madzi akasiya, banja limadalira a m'thanki, a m'migolo ndi a m'ndowa, ena a pa mjigo kapena pachitsime. Madzi amenewa akhoza kukhala abwino kumwa koma osayenera kukhudza lenzi. Choncho lenzi isatsukidwe ndi madzi, kachikho kasatsukidwe ndi madzi, ndipo posamba m'thupi kapena kumaso malenzi akhale atavulidwa. Kusambira nawo ku Mangochi, ku Salima kapena m'dziwe la pahotelo ndi kuika diso pachiswe. Madzi owiritsa, madzi a m'botolo a m'sitolo ndi madzi a mchere opanga nokha kunyumba, onsewa salowa m'malo mwa saline. Matenda a Acanthamoeba atayamba kudziwika pakati pa ovala malenzi ku America m'zaka za m'ma 1980, ambiri mwa odwalawo ankadzisungunulira okha mchere m'madzi. Malovu ndiye osayerekeza n'komwe.

Kachikho nakonso kamafuna chisamaliro chake m'mawa uliwonse. Tayani madzi a usiku onse, tsukuluzani m'kati ndi timadengu ndi saline kapena ndi AOSept watsopano pang'ono, ndipo siyani zonse zitatseguka kuti ziume, kachikho katavundikiridwa chafufumimba pa pepala loyera, kutali ndi sinki ndi chimbudzi. Chifukwa chake n'chimene aliyense wosunga madzi amachidziwa: ndowa imene yakhala ndi madzi masiku angapo imayamba kuterera m'kati ngakhale madziwo akuoneka oyera. Kuterera kumeneko ndi mabakiteriya amene amanga nyumba yawo, ndipo akakhala m'menemo mankhwala amavutika kuwafikira. Acanthamoeba amadya mabakiteriya omwewo.

Ndiye agule ndani? Munthu wovala malenzi a mwezi kapena a milungu iwiri pafupifupi tsiku lililonse, wogona maola okwanira pakhomo pake, makamaka ngati mankhwala ena amamufiiritsa maso: ameneyu AOSept Plus amuyenera, ndipo ndalama yowonjezerayo ndi yomveka. Namwino kapena mlonda wa mashifiti amene amavula malenzi kwa maola 4 n'kuwafunanso, dalaivala wa maulendo ataliatali, kapena wachinyamata wogona m'chipinda cha anthu ambiri kumene zinthu zimabwerekanabwerekana, amenewa mankhwalawa adzawavulaza tsiku lina. Wovala mwa apo ndi apo, pa ukwati kapena pa masewero, asavutike ndi botolo lililonse, agule malenzi otaya tsiku lomwelo. Kafukufuku wa ku Moorfields wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti ovala malenzi obwereza ali pa chiopsezo cha Acanthamoeba pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ovala otaya tsiku lomwelo. Aja amitundumitundu osintha maonekedwe a diso, ogulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp popanda kuyezedwa, palibe mankhwala amene angakonze lenzi yosakwana bwino pa diso. Yambani mwaonana ndi woyeza maso. Ndipo AOSept sachotsa chiopsezo cha kugona ndi malenzi, chomwe CDC imati chimachulukitsa mwayi wa matenda ka 6 mpaka ka 8.

Ku Malawi mankhwalawa sapezeka mu famase iliyonse, choncho funsani kumene munayezetsa maso, ndipo gulani lina botolo lisanathe. Ambiri amatumiza kwa abale a ku South Africa kapena ku Britain. Ngati mukutero, auzeni agule bokosi lathunthu lokhala ndi kachikho, aone tsiku lothera ntchito ndi chidindo cha pakamwa pa botolo, ndipo asalisiye padzuwa kapena m'galimoto yotentha. Musagawane botolo limodzi pothira m'timabotolo tina, chifukwa kabotolo kopanda kukamwa kofiira ndi msampha, ndiponso ukhondo wake watha. Lembani pa botolo tsiku limene mwatsegula, ndipo litayeni nthawi yolembedwa pa kapepala ikakwana ngakhale mutatsala mankhwala. Akakutherani osapeza ena, valani magalasi mpaka mutapeza. Aliyense wovala malenzi ayenera kukhala ndi magalasi a mphamvu yolondola oti angawavale tsiku lililonse.

Ngakhale mutachita zonse bwino, dziwani nthawi yothamangira kuchipatala. Diso likafiira n'kumapweteka, likamaopa kuwala, likamatuluka misozi kapena manthongo osalekeza, mukamaona mwachimbuuzi, kapena mukaona kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso, vulani lenzi ndipo pitani tsiku lomwelo, osati mawa. Chichokereni mliri wa pink eye umene unayambira ku Karonga mu 2024, anthu ambiri akaona diso lofiira amangoti ndi yomweyo, ipola yokha. Kwa wovala malenzi, diso lofiira ndi lopweteka liyenera kutengedwa ngati chilonda cha cornea mpaka woyeza ndi makina atanena kuti si chimenecho. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena shuga. Musagule madontho okhala ndi steroid monga dexamethasone kapena prednisolone, chifukwa amachotsa kufiira kwa masiku angapo uku fangasi ndi Acanthamoeba akulowerera m'kati. Musamatenso disolo ndi bandeji. Zipatala za maso za Lions Sight First ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chipatala cha Nkhoma, komanso mbali za maso ku Zomba Central ndi ku Mzuzu Central ndi malo oyenera kupitako. Mukafika, mawu oyamba akhale akuti mumavala ma contact lens, ndipo nenani ngati munagona nawo kapena kusamba nawo, pakuti zimenezi zimasintha mankhwala amene dokotala asankhe. Tengani malenziwo, kachikho ndi botolo lomwe, osatsuka kanthu, chifukwa nthawi zina kachilombo kamene kakanika kupezeka pa diso kamapezeka m'kachikhomo.